Abigail Adams ndi chiyambi cha udindo wa mkazi wa wachiwiri kwa pulezidenti ku America

Malamulo aakulu a dziko la United States of America, amene anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1789, anakhazikitsa udindo wa wachiwiri kwa pulezidenti koma sananene kalikonse za mkazi wake, kotero kuti ntchito ya mkaziyo inakula ngati mwambo chabe, yopanda malipiro ndiponso yopanda malire odziwika. Oyamba kusenza udindowu anali mayi Abigail Adams, akazi awo a bambo John Adams, amene anali wachiwiri kwa pulezidenti George Washington kuyambira 1789 mpaka 1797.

Mayi Adams anabadwa m'chaka cha 1744 ku Weymouth, m'chigawo cha Massachusetts, m'banja la mbusa William Smith, ndipo monga atsikana ambiri a nthawiyo sanapondeko kusukulu, koma anaphunzira pakhomo powerenga mabuku a bambo awo. Atakwatiwa m'chaka cha 1764, anakhala zaka zambiri ali okha ku Braintree, kumene ankayang'anira munda, antchito ndi ana pamene amuna awo ankayenda pa ntchito za ndale ku Philadelphia ndi ku Ulaya. Kutalikirana kumeneku ndi kumene kunabala makalata oposa 1,100 amene awiriwa analemberana, kuphatikizapo ya mu Malichi 1776 imene mayiwa anapempha kuti malamulo a dziko latsopanolo asaiwale amayi ndiponso asapereke kwa amuna mphamvu zopanda malire pa akazi awo.

Pamene bambo Adams ankalowa udindo, likulu la dziko linali ku New York, ndipo popeza boma silinkapereka nyumba kwa wachiwiri kwa pulezidenti, banjali linachita lendi nyumba yotchedwa Richmond Hill, kenako linasamukira ku Philadelphia likulu litasamutsidwa m'chaka cha 1790. Apa ndi pamene kulemera kwa udindowu kunaonekera. Malipiro a wachiwiri anali madola 5,000 pa chaka, pamene a pulezidenti anali madola 25,000, komatu mkazi wa wachiwiriyo ankayembekezeredwa kulandira aphungu, akazembe ndi mabanja awo, kuwakonzera chakudya ndi kubwezera ulendo kwa aliyense wowachezera, zonsezi zikuchokera m'thumba la banja. Mayi Adams, amene anali atadziwa miyambo ya m'nyumba zachifumu pamene amuna awo anali kazembe ku London kuyambira 1785 mpaka 1788, anakhala mnzawo wapamtima wa mayi Martha Washington, akazi a pulezidenti, ndipo pa maphwando olandira alendo ankakhala kudzanja lamanja la mayi Washington. Matenda ndi kuchepa kwa ndalama zitawakulira, anabwerera ku Massachusetts m'chaka cha 1792 ndipo anakhala kumeneko chigawo chonse chachiwiri cha udindo wa amuna awo. Mwambo umene anauyambitsa unayamba waima, chifukwa atatu amene anatsatira pampandowo, a Thomas Jefferson, a Aaron Burr ndi a George Clinton, onse anali atafedwa akazi awo. Ndipo nyumba ya boma ya wachiwiri kwa pulezidenti inadzapatulidwa m'chaka cha 1974.

M'banjamo munali ulemu ndi misozi yomwe. Mwana wawo John Quincy Adams anadzakhala pulezidenti m'chaka cha 1825, mayi ake atamwalira kale, koma mwana wawo wina, Charles, anafa ndi uchidakwa m'chaka cha 1800, ndipo mwana wawo woyamba, Nabby, anamwalira ndi khansa ya m'mawere m'chaka cha 1813 atachitidwa opaleshoni masiku amene mankhwala ogonetsa kunalibe.

Chimene chiyenera kulemekezedwa koposa ndi mmene mayiwa anayendetsera chuma pansi pa lamulo lochokera ku England lotchedwa coverture, limene linkaika katundu wa mkazi wokwatiwa m'manja mwa mwamuna wake. Kudzera mwa wachibale wawo Cotton Tufts, iwo ankagula zikalata za ngongole ya boma, zomwe ndi mapepala amene munthu amalandira akabwereketsa boma ndalama kuti lidzamubwezere ndi chiwongoladzanja, ndipo zina mwa ndalamazo ankazitcha zawozawo. M'chaka cha 1816 analemba wilo, ngakhale lamulo silinkawaloleza, nagawira chuma chawo chochuluka kwa adzukulu ndi abale awo aakazi, ndipo atamwalira pa 28 Okutobala 1818, amuna awo anatsatira zofuna zawozo.