Zipangizo Zowongolera Machunidwe a Wailesi

Zipangizo zowongolera machunidwe a wailesi ndi makina oyezera amene amisiri amagwiritsa ntchito pobwezeretsa magawo a m'kati mwa wailesi pa mafrikwensi amene fakitale inawaika. Wailesi ikakalamba, kapena mmisiri akasinthamo koilo, kapasita, valavu kapena transista, magawowa amayamba kusemphana. Zikatero siteshoni imamveka pamene singano ikuloza nambala ina, masiteshoni akutali amazimiririka, ndipo oyandikana amalowerana mawu. Zipangizo zikuluzikulu pa ntchitoyi ndi signal generator, mita ya mavolti, oscilloscope, frequency counter ndi timasikuludiraiva tapulasitiki.

Chimene chimawongoledwa

Kuyambira m'ma 1930, mawailesi ambiri akhala akupangidwa motsata njira ya superheterodyne, imene Edwin Armstrong wa ku America anaikonza mu 1918. Lucien Lévy wa ku France anali atalembetsa kale nzeru yofanana nayo mu 1917. M'njirayi, mafunde ochokera ku mlongoti amasakanizidwa ndi ena opangidwa ndi oscillator ya m'wailesi momwemo, n'kutuluka frikwensi imodzi yosasintha yotchedwa IF. Pa AM, IF yofala ndi 455 kHz, ngakhale mawailesi ena a ku Ulaya ankagwiritsa ntchito 465 kapena 470 kHz. Pa FM ndi 10.7 MHz.

Choncho wailesi ya 455 kHz ikachunidwa pa siteshoni ya 1000 kHz, oscillator yake iyenera kukhala pa 1455 kHz, ndipo kusiyana kumeneku kukhale komweko paliponse singano yapita. Ntchito yonse ndi kugwirizanitsa zinthu zitatu: mathiransifoma a IF, oscillator, ndi gawo lolandira mafunde ku mlongoti.

Signal generator

Chipangizochi ndi kasiteshoni ka pa tebulo la mmisiri. Chimatulutsa mafunde a frikwensi ndi mphamvu zodziwika, atanyamula kulira kumodzi kwa 400 Hz kapena 1000 Hz, kawirikawiri pa mlingo wa 30 peresenti. Siteshoni yeniyeni siyingalowe m'malo mwake chifukwa mawu a woulutsa amakwera ndi kutsika, komanso mphamvu ya mafunde akutali imasinthasintha. Majenereta odziwika ndi monga Hewlett-Packard 606A, yofika kuyambira 50 kHz mpaka 65 MHz, Marconi TF144 ya ku Britain, ndi Heathkit IG-102 imene wogula ankalumikiza yekha kunyumba.

Jenereta yabwino imadziwika ndi attenuator yake, kopotokolera kochepetsera mphamvu, komanso bokosi lachitsulo losadontha mafunde. Wailesi ili ndi gawo lotchedwa AGC limene limadzichepetsera mphamvu mafunde akachuluka. Mmisiri akathira mafunde ambiri, AGC imabisa kusintha konse, singano ya mita osasuntha ngakhale koilo ikupotokoledwa. N'chifukwa chake mafunde amachepetsedwa mpaka kulira kungomveka pang'ono, ndipo amachepetsedwanso nthawi iliyonse wailesi ikayamba kumva bwino. Jenereta imalumikizidwa kudzera pa kapasita. Pa wailesi ya mlongoti wa ndodo ya ferrite, mmisiri amakulunga waya kangapo n'kuuika pafupi ndi ndodoyo, osakhudzitsa.

Mita, oscilloscope ndi counter

Khutu silizindikira kusintha kochepa kwa mawu, choncho malo enieni amene mafunde amafika pamwamba amapezedwa ndi mita. Imaikidwa pa mawaya a sipika kuti iyeze mavolti a AC, kapena pa mzere wa AGC. Pa mawailesi a mavalavu, mzere umenewu umafuna mita yosakoka magetsi ambiri, monga VTVM, chifukwa mita wamba imatsitsa mavolti amene ikuyeza. Amisiri ambiri amakondabe mita ya singano, monga Avometer ya ku Britain kapena Simpson 260 ya ku America, poti singano imaoneka ikukwera, kuima, kenako n'kuyamba kubwerera, pamene manambala a mita ya dijito amangodumphadumpha.

Pa FM pamafunika sweep generator, imene ku Britain ankaitcha wobbulator. Iyo imayendetsa frikwensi uku ndi uku mozungulira 10.7 MHz, oscilloscope n'kujambula mmene IF ikudutsitsira mafunde. Pa gawo lotulutsa mawu m'mafunde a FM, lotchedwa discriminator kapena ratio detector, chithunzi choyenera chimaoneka ngati chilembo S, mbali ziwiri zofanana, pakati pake powongoka. Frequency counter imatsimikizira ngati nambala ya pa jenereta ndi yoona. Isanafale, amisiri ankadalira crystal calibrator ya 100 kHz, kapena masiteshoni a nthawi monga WWV ya ku Colorado pa 5, 10 ndi 15 MHz.

Topotokolera

Pakati pa makoilo ambiri pali kachitsulo ka ferrite kokhala ndi mazinga. Sikuludiraiva yachitsulo ikangoyandikira imasintha machunidwe, ndipo ikachotsedwa zonse zimasokonekeranso. Ferrite imaswekanso msanga, ndipo ikasweka imakanirira m'kati mwa koilo. Motero topotokolera timakhala tapulasitiki kapena ceramic. Pa mawailesi ambiri a matransista a ku Japan, tizitini ta makoilo tili ndi mitundu pamwamba: kofiira ndi ka oscillator, kachikasu, koyera ndi kakuda ndi ta IF motsatizana.

Ndondomeko ya ntchito

Wailesi ndi jenereta zimayatsidwa kaye kuti zitenthe, frikwensi ikhazikike. Mmisiri amayamba ndi IF, kuchokera pa thiransifoma yomaliza kubwerera ku yoyamba, kupotokola iliyonse mpaka mita ifike pamwamba. Kenako amapita ku oscillator. Mu Africa ndi ku Ulaya, bandi ya AM yotchedwa MW imayambira pa 531 kufika pa 1602 kHz, choncho cha pa 600 kHz amawongola koilo, ndipo cha pa 1400 kapena 1500 kHz amawongola trimmer, kakapasita kakang'ono ka pa chochunira. Kukhudza mbali imodzi kumasuntha inzake, ndiye amabwereza mpaka zonse zitakhazikika. Gawo la mlongoti limabwera pomaliza: koilo amaisendeza pa ndodo ya ferrite, akapeza malo ake n'kuimata ndi phula. Mafrikwensi enieni a wailesi iliyonse amalembedwa m'buku la amisiri lochokera kwa opanga.

Chitetezo

Mawailesi ena akale a mavalavu alibe thiransifoma ya magetsi, moti chitsulo chimene zonse zakhalapo chingakhale ndi moto wa pa soketi. Otere amafuna isolation transformer asanalumikizidwe ku chipangizo chilichonse. Makapasita aakulu amasunganso moto wailesi itazimitsidwa kale.

Masiku ano

Mawailesi atsopano ali ndi zowongola zochepa. Ma filter a ceramic, monga a kampani ya Murata, amachoka ku fakitale atachunidwa kale, ndipo tchipisi ta DSP, monga ta Silicon Labs, timachuna ndi masamu popanda thiransifoma ya IF. Zipangizo zowongolerazi zikugwirabe ntchito pa mawailesi akale, pa mawailesi a amateur ndi pa mawailesi olankhulirana, kumene kumva kwa wailesi kumayezedwa m'ma microvolt pa mlingo wa 12 dB SINAD.