DHIS2: kuchokera ku Cape Town mpaka ku Makululu

Mwezi ukatha, kuzipatala zing'onozing'ono za m'makomboni monga Makululu ku Kabwe amatsegula makaundula n'kuwerenga odwala malungo, amayi a kusikelo ndi ana obayidwa katemera. Manambalawo amalembedwa pa fomu, kenako amalowetsedwa mu DHIS2, pulogalamu ya pakompyuta imene Unduna wa Zaumoyo ku Zambia umasungiramo ziwerengero. Pulogalamuyi sigulitsidwa, ndipo mmene idalembedwera muli poyera kuti aliyense wodziwa aone, akonze kapena awonjezere.

Idabadwira ku Cape Town, m'dziko la South Africa, ulamuliro wa tsankho utangotha. Akatswiri a University of Oslo ndi University of the Western Cape adayambitsa ntchito yotchedwa HISP, pofuna kuti azaumoyo a m'maboma azigwiritsa ntchito ziwerengero zawo, osamangozitumiza kulikulu. Pofika 1998, DHIS yoyamba inali ikugwira ntchito. Inkadalira Microsoft Access, ndipo kukatuluka yatsopano ankayenera kuiika pa kompyuta iliyonse payokha.

Yachiwiri, DHIS2, idalembedwa mwatsopano kuti iziyenda pa intaneti, ophunzira a ku Oslo akugwirapo gawo lalikulu. Idayamba kugwiritsidwa ntchito ku Kerala, m'dziko la India, mu 2006. Kenya idaifalitsa dziko lonse mu 2011, Malawi mu 2012. Lero mayiko oposa 70 amaidalira.

Kukulako kudasintha katulutsidwe kake. Panali zaka zimene DHIS2 yatsopano inkatuluka kanayi pa chaka. Kwa olemba mapulogalamu udali ukatswiri, koma kwa maunduna udali mtolo. Unduna usanasamukire ku yatsopano umayamba wayesa ngati mafomu ndi malipoti akale sasokonekera, kenako n'kuphunzitsa anthu m'maboma onse. Ambiri ankangotsalira pa zakale. Kuthamanga sikufika. A ku Oslo adachepetsa liwiro, ndipo mu 2023, pambuyo pa DHIS2 ya nambala 2.39, adatulutsa yotchedwa v40. Tsopano yaikulu imatuluka kamodzi pa chaka, pakati pake pamangobwera zigamba zotseka zolakwika, ndipo zitatu zomalizira kutuluka ndizo zimasamalidwa.

Othandiza nawonso adayalana m'magawo. Kagulu kotsogozedwa ndi University of Oslo, komwe anthu ake ali m'mayiko osiyanasiyana, ndiko kamavomereza zolowa mumtima mwa pulogalamu, womwe umasungidwa pa webusaiti ya GitHub. Magulu a HISP a ku Uganda, Tanzania, South Africa, India ndi Vietnam amathandiza maunduna n'kumatumiza madandaulo ndi zofuna zawo. Ena amamasulira m'zinenero zawo, ena amapanga timapulogalamu tolumikiza pamwamba osakhudza mtimawo. Njira imeneyi idaonetsa phindu lake kumayambiriro kwa 2020, pamene a ku Sri Lanka adapanga gawo lotsatira odwala COVID-19, mayiko ena ambiri n'kutengera.

Komabe chaulere chili ndi mtengo wake. Malipiro a kagulu ka ku Oslo amachokera kwa mabungwe monga Norad, Global Fund ndi UNICEF. Seva, intaneti, magetsi ndi maphunziro a olowetsa manambala zili pamutu pa dziko lililonse. Ku Zambia, tsiku losamukira ku DHIS2 yatsopano silisankhidwa ku Oslo koma ku Lusaka, malinga ndi ndalama ndi akatswiri amene unduna uli nawo chaka chimenecho.