Nkhokwe za Mabuku M'mayunivesite Athu

Mlendo wozindikira akafika pamudzi amaponya maso pankhokwe, pakuti ndi pamene amadziwira ngati anthu a pamudzipo adzapyola bwino miyezi ya njala. Sukulu ya ukachenjede nayo ili ndi nkhokwe yake, ndiyo laibulale, nyumba yosungiramo ndi kuwerengeramo mabuku. Mbiri ya malaibulale a m'mayunivesite a dziko lino ndi yaifupi, komabe imatiphunzitsa chinthu chachikulu: mwa mabuku onse osungidwamo, ofunika kuwasamala koposa ndi aja onena za ife eni, chifukwa akatayika kulibe kwina kokawagula.

Yunivesite ya Malawi idakhazikitsidwa mu Okutobala 1964, patangopita miyezi itatu dziko litalandira ufulu wodzilamulira. Maphunziro adayamba mu Seputembala 1965 ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre, ndi ophunzira pafupifupi 90. Mabuku ambiri a masiku amenewo ankachokera kunja, makamaka ku Mangalande. Mmodzi mwa akuluakulu oyamba oyang'anira laibulale anali Mngelezi, Wilfred Plumbe, amene adagwirapo ntchito yomweyi ku Nigeria. M'chaka cha 1973 Koleji ya Chancellor idasamukira ku Chirunga, ku Zomba, kumene idaphatikizana ndi sukulu ya aphunzitsi ya Soche Hill ndiponso sukulu ya za kayendetsedwe ka boma ya ku Mpemba. Motero mabuku a sukulu zitatu adakumana pansi pa denga limodzi. Makoleji enawo, monga wa zaulimi ku Bunda ndi wa zaluso wa Polytechnic, aliyense anali ndi laibulale yakeyake.

Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito ya m'laibulale ndi kudinda chidindo ndi kukhazika chete olongolola. Zoona zake n'zakuti ntchito yaikulu imachitika kuseri, kumene wowerenga safikako. Buku likafika, wantchito amayamba waona nkhani imene likukamba, nalipatsa nambala yoti likhale pamodzi ndi anzake ofanana nalo. Makompyuta asanabwere, buku lililonse linkatayipidwira makadi angapo: lina la dzina la mlembi, lina la mutu wa buku, lina la phunziro lake. Makadiwo ankandandalikidwa m'timadirowa motsata afabeti. Inali ntchito yofuna kudekha, poti buku loikidwa pashelefu yolakwika n'chimodzimodzi lotayika: lilipo, koma palibe angalipeze. Antchito ena ankasoka mabuku othothoka masamba, ena n'kumasunga pambali mabuku ochepa ofunidwa ndi kalasi lonse, kuti aliyense abwereke kwa maola owerengeka n'kupatsako mnzake.

Chuma chenicheni cha laibulale ya ku Chirunga ndi gawo lotchedwa Malawiana. M'menemo amasonkhanitsamo zolembedwa zonena za dziko lino kuyambira nthawi ya Nyasaland: mabuku, malipoti a boma, nyuzipepala ndi zofufuza za ophunzira. Mabuku a mtundu umenewu ndi onga mtanthauziramawu wa Chimang'anja wa David Clement Scott wa mu 1892, Nthondo wa Samuel Josiah Nthara wa mu 1933, ndi Independent African, mbiri ya John Chilembwe imene George Shepperson ndi Thomas Price adasindikiza mu 1958. Palinso zolemba za ophunzira a mbiri yakale, amene ankapita kumidzi kwawo kukacheza ndi nkhalamba za mafumu akale, za nkhondo za Angoni ndi za thangata, n'kulemba zimene adamva. Zolemba zotere zinkatayipidwa makope ochepa chabe. Nkhalamba zimene zidafotokoza nkhanizo zidatsikira kulichete kalekale, ndipo mawu awo adatsala pamapepala amenewo basi.

Nkhokwe imeneyi yakumana ndi adani atatu. Woyamba anali mantha. M'chaka cha 1968 boma lidakhazikitsa lamulo lopatsa bungwe lounika mabuku ndi zisudzo mphamvu zoletsa chilichonse chimene silidakondwe nacho. Mabuku mazanamazana adaletsedwa, ndipo kupezeka nalo limodzi kukadatha kumuika munthu m'mavuto. Chitsanzo chodziwika ndi cha Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chancellor pomwepo. Buku lake la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, lidasindikizidwa ku London mu 1981, koma mu 1985 lidachotsedwa m'masitolo, m'sukulu ndi m'malaibulale. Mu Seputembala 1987 iye mwini adamangidwa, nakhala m'ndende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka mu Meyi 1991. Taganizani za wantchito wa m'laibulale wa masiku amenewo. Adaphunzira ntchito yopereka buku kwa wolifuna, koma lamulo lidamuuza kuti alibise. Zinthu zidasintha pambuyo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha mu 1994.

Mdani wachiwiri anali umphawi. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 kwacha idachepa mphamvu, pamene mabuku ndi magazini a akatswiri ankagulidwa ndi mapaundi ndi madola. Ophunzira ankachuluka, mabuku atsopano n'kumachepa, ndipo malaibulale adadalira kwambiri mphatso za mabungwe onga Book Aid International. Pozindikira kuti mutu umodzi susenza denga, malaibulale a dziko lino adapanga mgwirizano wotchedwa MALICO mu 2003, kuti azisonkherana ndalama zolipirira magazini opezeka pa intaneti. Kuyambira pamenepo wophunzira wa ku Zomba adatha kuwerenga zimene mnzake wa ku London akuwerenga. Koma intaneti idatibweretsera za ena. Zathu sikadatipatsa pokhapokha titaziikapo tokha.

Mdani wachitatu ndi moto, ndipo ameneyu sadikira lamulo. Yunivesite ya Mzuzu, imene idatsegulidwa mu 1999 ndipo imaphunzitsanso ntchito ya m'laibulale, idaona tsoka limeneli. M'bandakucha wa pa 18 Disembala 2015 laibulale yake idapsa yonse, ndipo mabuku osachepera 45,000 adasanduka phulusa pamodzi ndi makompyuta, mipando ndi mashelefu. Abwenzi a m'dziko muno ndi akunja adatumiza mabuku ena, ndipo adachita bwino. Komatu buku la masamu losindikizidwa ku Ulaya lili ndi anzake zikwizikwi, pamene kafukufuku wa wophunzira amene adalemba za mudzi wa kwawo nthawi zina amakhala ndi kope limodzi lokha. Aka sikanali koyamba kuti dziko lino litaye chikumbumtima chake cha pamapepala... ayi, chikumbukiro chake, pamoto. Mu 1919 maofesi a boma ku Zomba adapsa, ndipo makalata ambiri a zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda adathera pomwepo. Mpaka lero olemba mbiri amavutika kudziwa bwino za zaka zimenezo. Madzi akatayika saoleka.

Mu 2021 makoleji a Yunivesite ya Malawi adapatukana, ndipo Chancellor ndiyo idatsala ndi dzinali. Mayunivesite achuluka, malaibulale nawonso achuluka, ndipo makadi aja adalowedwa m'malo ndi makompyuta. Ntchito imene ili patsogolo ndi yojambula zolembedwa zosowazo ndi makina, n'kusunga makope ake malo angapo, kuti moto umodzi usadzatilandenso zonse.

Ena mwa inu mudzalowa m'nyumba zimenezi posachedwapa. Pa zaka zanga zauphunzitsi ndidaonapo mabuku ambiri ong'ambidwa masamba ndi ana ofuna kukhoza mayeso okha. Wochita zotere amafanana ndi munthu wobowola nkhokwe ya mudzi wonse. Mukadzagwira pepala lakale lofiirira m'chipinda cha Malawiana, mudzakumbukire kuti mwina ndi lokhalo limene latsala, ndipo mudzalibweze monga mudalipezera.