Chiyambi cha Mapulogalamu Opangira Nyimbo pa Kompyuta

Mu 1983 makampani opanga zida zoimbira anagwirizana za MIDI, yomwe ndi njira yoti makiyibodi ndi makompyuta azitumizirana malangizo a kaimbidwe, ndipo pamaziko amenewa kampani ya Steinberg ya ku Hamburg inatulutsa pulogalamu ya Cubase mu 1989, ngakhale kuti inkayenerera kwambiri anthu ozolowera kale ntchito ya mu situdiyo. Ongoyamba kumene anapeza khomo lenileni chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene Didier Dambrin analemba FruityLoops, imene inkasanja kugunda kwa ng'oma m'timabokosi tongodina, moti ngakhale wosadziwa manoti ankatha kuluka nyimbo yovinika, ndipo mu 2003 inatchedwa FL Studio. Ableton Live ya ku Berlin, yomwe inatuluka mu 2001, inakopa makamaka oimba pamaso pa anthu.