Maphunziro Osamala Chilengedwe

Makolo athu ankadziŵa kuti mitengo ya kumanda sidulidwa wamba, koma nzeru yosamala chilengedwe inachedwa kuloŵa m'sukulu zapamwamba. Mu 1972 maiko anasonkhana ku Stockholm kukambirana za kuonongeka kwa dziko. Mu 1987 lipoti la Brundtland linaphunzitsa kuti chitukuko choona sichilanda zidzukulu chuma chao. Kuno kwathu, napolo wa ku Phalombe anapha anthu mazana mu 1991, ndipo mu 1996 boma linakhazikitsa lamulo loteteza chilengedwe. Lero achinyamata akuphunzira zimenezi ku Bunda.

Tsono inu makolo, mwana akasankha maphunziro ameneŵa, musamnyoze poti sadzakhala dokotala. Mu 2015 Papa Francis anatikumbutsa kuti dziko ndi nyumba yathu tonse. Woisamala nyumbayi akutumikira Mwini wake.