Ovataimu ya £100, phindu £32: mmene msonkho ndi chithandizo cha boma zimakumanirana ku Britain

Munthu wolandira malipiro ochepa ku Britain akagwira maola owonjezera, ndalama zimene amapindula zimakhala zochepa kuposa mmene ambiri amaganizira. Chifukwa chake si msonkho wokha. Malipiro akamakwera, boma limachepetsanso Universal Credit, chithandizo cha mwezi ndi mwezi chimene limapereka kwa mabanja opeza movutikira. Zonse zimene zimachoka pa paundi iliyonse yowonjezera zikaphatikizidwa, akatswiri a zachuma amazitcha effective marginal tax rate.

Tiyerekeze mayi wosamalira okalamba ku Leeds, amene amalandira Universal Credit ndipo malipiro ake apitirira kale £12,570 pachaka, pomwe msonkho umayambira. Akapeza £100 ya ovataimu, £20 imapita ku msonkho wa malipiro ndipo £8 imapita ku National Insurance. Yatsala £72. Lamulo likuti chithandizo chake chichepe ndi 55 peresenti ya ndalama yotsalayo, ndiye kuti £39.60. Mayiyo wapindula £32.40 yokha, asanalipire basi yopitira kuntchito. Wataya pafupifupi 68 peresenti, pamene bwana wolandira kuposa £125,140 pachaka ku England amataya 47 peresenti pa paundi yake yowonjezera.

Kale zinali zoipirapo. Universal Credit inayamba mu 2013, Iain Duncan Smith ali nduna, polowa m'malo mwa mitundu isanu ndi umodzi ya chithandizo. Mitunduyo inkachepa nthawi imodzi munthu akawonjezera ntchito, moti ena ankataya mapeni oposa 90 pa paundi. Poyamba Universal Credit inkachepa ndi 65 peresenti, mu 2017 inatsika kufika pa 63, ndipo chakumapeto kwa 2021 Rishi Sunak, ali nduna ya zachuma, anaitsitsa kufika pa 55. Makolo ndi anthu amene thanzi lawo silikuwalola kugwira ntchito mokwanira ali ndi kachigawo ka malipiro kamene sikakhudzidwa konse.

Nanga bwanji osatsitsanso? Apa ndi pamene pagona vuto. Chithandizo chikamachepa pang'onopang'ono, chimafikanso kwa mabanja opezako bwino, ndipo boma limawononga ndalama zambiri. Chikamachepa msanga, wantchito saona phindu la thukuta lake. Andale amakonda kunena kuti ntchito iyenera kupindulitsa, koma sakonda kutchula mtengo wake.

Masamu amenewa sakhudza aliyense. Amalawi, Azambia ndi Azimbabwe ambiri amene analowa pa viza ya ntchito yosamalira odwala ndi okalamba saloledwa kulandira chithandizo cha boma. Iwo pa £100 ija amasunga £72, koma lendi ndi chakudya cha ana zili pamutu pawo okha. Universal Credit imayamba kuwakhudza akalandira chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale.