Thupi Lili ndi Maso Ake

Mzinda wa Lilongwe usanakhale likulu la dziko la Malaŵi m'chaka cha 1975, midzi ya Acheŵa yozungulira tauniyi inali kale ndi sukulu yake yophunzitsa thupi. Sukuluyo inali bwalo la gule wamkulu. Za kudambwe sizikambidwa pa wailesi, koma zimene maso amaona pabwalo nzokwanira. Makanja amatulukira ataliatali, miyendo yawo ili ya mitengo, nkhope itaphimbika, komabe amaponda molingana ndi ng'oma, kutembenuka ndi kuŵerama osagwa. Woyenda motero sangadalire maso. Amamva m'chiuno ndi m'mawondo kumene thupi likupendekera, nalibweza lisanapitirire.

Akatswiri a za thupi anafika pa nzeru yomweyi mochedwerapo. M'chaka cha 1906, Charles Sherrington wa ku England anafotokoza kuti m'minofu ndi molumikizana mafupa muli timitsempha timene timauza ubongo pamene chiŵalo chilichonse chili, ngakhale munthu atatsinzina. M'kati mwa khutu namo muli tiziŵalo tothandiza munthu kuima chilili. Kumva kumeneku kumanoleka ndi kubwereza, ndipo kumabuntha thupi likangokhala.

Likulu litasamuka ku Zomba, anthu anakhamukira ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Mgona, Area 23 ndi Area 25. Gule sanatsale kumudzi, koma pambali pake panakula sukulu yachiŵiri: mpira wachikulunga, woseŵera opanda nsapato pa bwalo la fumbi. Mpira wotero sudunda mofanana kaŵiri, ndipo bwalo la zigwembe silikhululukira phazi loponda mwachisawawa. Mwana woseŵera pamenepo amaphunzira kuugwira mpira ndi phazi maso ali kwa mnzake, ndi kugwa mosathyoka mkono.

Pamene timu ya dziko lino inatenga chikho cha maiko a kum'maŵa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979, anyamata a m'madera ameneŵa ankamvera pa wailesi dzina la Kinnah Phiri, m'maŵa mwake nkukayesa pafumbi zimene sanazione ndi maso. Wailesi inkawapatsa mawu okha, zotsalazo thupi linkadzipezera lokha.

Gule wamkulu analemekezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005, ndipo bwalo lalikulu la Bingu linatsegulidwa mu 2017. Zonsezi nzonyaditsa. Koma mabwalo aang'ono a m'makomboni akucheperachepera, pakuti nyumba ndi magolosale zikumera pamene ana ankathamangapo. Mwana wa zaka zisanu ndi ziŵiri sakaphunzirira ku bwalo la Bingu. Amaphunzirira kuseri kwa nyumba ya kwawo. Mafumu a m'madera ndi akuluakulu a mzinda akamagaŵa malo, akumbukire kusiyako kabwalo kafumbi, chifukwa m'mera mpoyamba.